Tsiku limene tinadya matumba atatu a cimanga mu ola limodzi

Mu August caka ca 2025, titatsiliza kutong'ola cimanga ndi kugulitsako soya, ine ndi amai akunyumba tinakwela basi pa Katete kupita ku Lusaka kukaona mdzukulu wathu amene anali kukwanitsa zaka zisanu. Mwana wathu wamkazi agwila nchito kumeneko, ndipo iye ndi amuna ake, mnyamata waulemu wa ku Kasama, anapangana kuti makolo ocokela kumudzi alaweko za m'tauni.

"Atate, lelo simudzadya nsima," anatelo mwana wanga akumwetulila. Ine ndinayesa akamba za mpunga wa nkhuku, ndipo ndinavala jekete langa la pa Sondo.

Anatitengela pa lesitilanti ina m'mbali mwa mseu wa Great East, mseu womwewo umene upita pafupi ndi kwathu, makilomita pafupifupi 500 kum'mawa. M'katimo munali mozizila ndi moyela, opelekela zakudya atavala zofanana, nyimbo zikulila capansipansi. Amai akunyumba, amene anakula ndi mwambo wakuti mpongozi sadyela pamodzi ndi mkamwini, anakhala cam'mbali, nkhope italoza kukhoma ngati munthu woyembekezela kuitanidwa dzina kucipatala.

Posakhalitsa anabweletsa thabwa lalitali. Pamwamba pake anandandalika timibulu ta mpunga, tina tokulunga ndi cinthu cakuda conga pepala, tina tovekedwa kacidutswa ka nsomba yofiilila. Panalibe nthunzi, panalibe msuzi. Pambali pa munthu aliyense anaika timitengo tiwili ndi kambale ka madzi akuda.

"Iwe mwana, nsomba iyi aiwala kuphika?" ananong'ona amake.

"Iyai amama, idyedwa telo. Dzina lake ndi sushi, cakudya ca ku Japan."

Timitengo tija tinandikana, mpaka mkamwini anandimasula pondiuza kuti ngakhale eni ake amadya ndi manja. Pakona ya thabwa panali kamulu kobiliwila ngati kotapela woponda. Ine kotapela ndimukonda, motelo ndinatapa ndi cala conse n'kuponya m'kamwa. Akulu anati safunsa anadya phula. Moto wake sunakhale palilime monga wa tsabola, unakwela m'mphuno mpaka paliwombo, misozi n'kuyamba kutsika pamaso pa mkamwini. Iye anandipatsa madzi atayang'ana pansi. "Pepani atate, tinaiwala kukucenjezani. Ameneyo ndi wasabi, amatapako pang'ono cabe."

Ndikambe zoona, moto utazima cakudyaco sicinali coipa. Mpunga unali wowawasa pang'ono ndi wotsekemela, nsomba yofewa ndi yosanunkha ngakhale pang'ono. Ndinadya timibulu tisanu ndi kamodzi. Amai akunyumba anasankha ta kotapela ndi nkhaka tokhatokha, ndipo titafika kunyumba usiku anateleka poto wa nsima, akuti munthu sagona ndi zoseweletsa m'mimba.

Cimene cinandisowetsa tulo ndi kapepala ka bilu. Mkamwini anayesa kukabisa, koma maso a mlimi sacedwa pa manambala. Inapitilila pang'ono K1,000. Caka cimeneco bungwe la Food Reserve Agency linali kugula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K340. Ndiye kuti anthu anai tinadya matumba atatu mu ola limodzi, n'kukaphikanso nsima kunyumba.

Sindilemba izi kuti ndidzudzule ana anga. Ndalama ndi zao, ndipo anacita cifukwa ca cikondi. Ndilemba cifukwa madzi akuda aja a m'kambale, amene tinali kususila mpunga, ndinauzidwa kuti apangidwa kucokela ku soya, tiligu ndi mcele. Soya yemweyo amene milungu itatu m'mbuyomo ndinamupacika pa sikelo ya ogula oyendayenda, pamtengo umene iwo anachula, ine osayankha kanthu. Kucokela tsikulo ndakhala ndikuyang'ana ndi maso ena malo onse amene timadyelako tikacoka panyumba, ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi, ndipo funso langa ndi limodzi: n'cifukwa ciani wophika ndi wokonza ndiye achula mtengo, pamene wolima angolandila cimene wapatsidwa?

Sushi inayambila pamseu

Titabwelako ndinafunsa-funsa ndi kuwelenga za cakudya cimeneci. Poyamba sicinali ca anthu olemela. Kalekale anthu a ku Asia anali kusunga nsomba poithila mcele ndi kuikwilila mu mpunga wophika kwa miyezi, mpunga n'kusasa, nsomba osaola, ndipo podya anali kutaya mpungawo. Inali njila yosungila ndiwo, monga ife ticita ndi mfutso kapena nsomba zowamba. Sushi ya timibulu imene tinadya inachuka m'zaka za m'ma 1820 mumzinda wa Edo, umene lelo ndi Tokyo, ndipo munthu amene amachulidwa kawilikawili kuti anaiyambitsa ndi Hanaya Yohei. Inali kugulitsidwa pa timatebulo ta m'mbali mwa mseu kwa anthu a nchito ofuna kudya mwamsanga ataimilila, monga mmene ife tigulila michopo kapena cimanga cowocha pa siteshoni ya basi.

Cinthu cakuda conga pepala cija ndi ndele za m'nyanja ya mcele zoumitsa. Nsomba yofiilila ija ndi salmon, ndipo ngakhale anthu a ku Japan sanali kuidya yaiwisi kale. Amalonda a ku Norway, kumene amaweta nsombayi, ndiwo anailimbikila kuyambila m'zaka za m'ma 1980 mpaka anthu anaizolowela. Ya kotapela, imene amai akunyumba anakonda, inayambila ku North America. Mwaona nanga, cakudya ca pamseu, cosakaniza za uku ndi uku, eni ake anacisamala ndi kucinyadila, lelo cafika mpaka ku Lusaka kumene kulibe nyanja ya mcele, pamtengo wa matumba a cimanga.

Mu 2013 bungwe la UNESCO linaika kaphikidwe ka anthu a ku Japan pa mndandanda wa miyambo yofunika ya anthu a padziko lonse. Ambili sitidziwa kuti mu 2017 nsima nayo inalembedwa pa mndandanda womwewo, abale athu a ku Malawi atapeleka pempho. Nsima imene timaipepesela kwa alendo, kuti pepani tili ndi nsima cabe, ili m'buku limodzi ndi cakudya cimene cinanditulutsa misozi.

Cenjezo limodzi kwa anyamata okonda kuyesa zinthu. Musatenge nsomba ya m'damu kapena ya mu Luangwa n'kuidya yaiwisi poti mwawelenga nkhani ino. Nsomba za m'mitsinje ndi m'madamu zimakhala ndi tinyongolotsi timene timafa ndi moto. Ngakhale za m'nyanja ya mcele, malangizo a ku America amati ziyambe zakhala m'filiji yozizila madigili 20 pansi pa zilo kwa masiku 7. Ndi magetsi ozimazima monga tinaonela mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, ndani angalumbile kuti filiji yake sinasungunuke? Yathu nsomba tiziphika mpaka ipse.

Keke ya m'kapu ya pepala

Tsiku lotsatila linali la mdzukulu. Tinapita pa kasitolo ka makeke, kakang'ono kuposa khichini yathu koma konunkhila kucokela panja. M'kabati ya galasi munali timakeke tokhala m'makapu a pepala, kalikonse kovekedwa cisoti ca shuga wofewa, kena kofiila, kena koyela, kena ka chokoleti. Amati ma cupcake. Kamodzi kanali K25, ndipo mwana wanga anagula bokosi la 12. Ndinalawa kamodzi. Pansi pake ndi keke wamba, yosasiyana kwenikweni ndi imene azimai a kwathu aphika pa ukwati. Mtengo wonse uli pa cisoti cija ndi pa bokosi lomanga ndi liboni. Ana a masiku ano ayamba ajambula ndi foni asanalume.

Poyembekezela bokosi ndinaceza ndi mtsikana mwini sitolo. Anayambila m'khichini ya amake ndi uvuni umodzi, akulandila maoda pa WhatsApp a masiku obadwa ndi ma kitchen party. Ciliconse apima pa sikelo, ndipo dzila lililonse alilemba m'buku. "Atate, fulawa ndi shuga aliyense angagule," anandiuza. "Anthu andilipila kuti akatsegula bokosi apeze cimene anaona pa cithunzi, lelo ndi mawa cimodzimodzi." Mau amenewo ndinabwela nao kumudzi.

Timakeke timeneti si tatsopano. Buku la zophika la Amelia Simmons, losindikizidwa ku America mu 1796, linakamba kale za keke yophikila m'timakapu. Koma tinachuka kwambili kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, pamene masitolo ogulitsa timakeke tokhatokha anabuka ngati bowa ku New York ndi mizinda ina. Kampani ina yochedwa Crumbs inakula n'kukhala ndi masitolo ambili, koma mu July 2014 inatseka onse pa nthawi imodzi. Mafashoni a zakudya abwela ndi kupita. Citumbuwa ca pamsika wa Katete cinalipo ine ndili mwana, ndipo cikalipo.

Taonaninso za m'kati mwake. Fulawa ndi wa tiligu wolimidwa m'mafamu akuluakulu othilila a ku Mkushi, Chisamba ndi Mazabuka. Shuga ndi wa ku Nakambala. Pa keke imeneyi mlimi wa kuno kum'mawa angaikepo dzila ndi saladi wa mpendadzuwa, basi. Koma cigumu, cimene ena amati cikondamoyo, ndi cathu kuyambila pansi mpaka pamwamba, mgaiwa ndi nthoci zakupsa, cogula n'kukhala soda ndi kamcele cabe. Kusiyana kwake n'kwakuti cigumu timacidula ndi mpeni uliwonse, cidutswa cina cacikulu cina cacing'ono, n'kucigulitsa m'beseni yosavindikila.

Kumene ife timadyela

Pobwela basi inaima pa Luangwa Bridge, pamene mwana aliyense wa kum'mawa adziwa fungo la nsomba zowamba ndi zokazinga. Ndinagula imodzi yotentha, ya mcele ndi tsabola, n'kudya ndi manja nditaimilila pambali pa basi. Ndinakumbukila anthu a nchito a ku Edo aja. Pa Nyimba tinagula mkoko wa nthoci ndi ndalama yosakwana timakeke tiwili.

Ku Sinda, kumene kunakhala boma paokha mu 2012, ndadyako kambili cifukwa mlongo wanga anakwatiwa kumeneko. Nyengo ya msika, kuyambila June mpaka September, alimi afika m'mamawa ndi ngolo ndi njinga n'kukhala tsiku lonse pa depoti kuyembekezela sikelo. Amene awasunga amoyo ndi azimai a tiyi: kapu yaikulu ya tiyi wa mkaka, mabanzi, masikono ndi zitumbuwa zotentha. Kumeneko ndinapeza mai wina amene aphika ma cupcake popanda magetsi. Aika mcenga pansi pa poto wamkulu, andandalika timakapu pamwamba pake, ateleka pa mbaula, n'kuika malasha ena pa civindikilo. Aphunzitsi ndi manesi ndiwo amuoda. Fulawa atakwela mtengo anayamba kusakaniza ndi kandolo wofiila m'kati, wophika ndi kuponda, uja alangizi a zaulimi atiuza kuti ali ndi vitamini A. Keke ituluka yofewa, ya mtundu wokongola, ifuna shuga wocepa, ndipo kandoloyo agula kwa aneba ake. Palibe anam'phunzitsa kusukulu. Ndi mtengo wa fulawa umene unam'phunzitsa.

Pa Katete ndi pamphambano. Mathilaki opita ku Chanida, Tete ndi Beira apatukila pomwepa, mabasi a ku Chipata ndi ku Lusaka aima, acibale odwazika odwala pa cipatala ca St Francis akhala masiku ambili kutali ndi maphika ao. Onsewa afuna kudya. Malesitilanti athu muwadziwa: nsalu pakhomo, bolodi lolembedwa ndi coko kuti nsima ya T-bone, ya nkhuku, ya kapenta, ya nyemba, pambali kalepu kokazinga. Cakudya cokoma koposa cimene ndinadyapo kunja kwa nyumba yanga ndinacipeza pa malo otele kuseli kwa msika. Ndinafika mocedwa, za pa bolodi zitatha, ndipo amai okalamba eni malowo, mwamanyazi, anandigawila zimene anaphikila iwo eni ndi anchito ao: nkhwani wotendela, thelele la cidulo ndi mwendo wa nkhuku ya kumudzi. Ndinawafunsa cifukwa cake salemba zimenezi pa bolodi. "Za kumudzi izi atate, ndani angapeleke ndalama?" anayankha motelo.

Ndani? Pitani ku Lusaka pa Matebeto, ku Thorn Park, nthawi ya masana. Mudzapeza anthu a mataye ataimika magalimoto ao, akudikila pamzele kuti agule ndiwo zotendela, thelele, cikanda, nsomba zouma ndi nkhuku ya kumudzi. Zimene amai aja abisa m'khichini ndizo anthu a m'tauni azisakasaka ndi ndalama m'manja.

Ku Vubwi ndinapitako kudzela ku Chadiza, kukapepesa malilo a mnzanga wa ku ubwana. Boma limeneli nalonso linabadwa mu 2012, ndipo lili pakati pa malile a Malawi ndi Mozambique. Kubwela kwa boma kunabweletsa aphunzitsi, apolisi, a zaumoyo ndi a khonsolo ocokela kutali, anthu a malipilo a pamwezi, ambili opanda mabanja pafupi. Pa ulendo umenewo malo odyela ndinawapeza owelengeka. Pamsika ndinamwa thobwa lozizila la m'mtsuko ndi kudya futali wa kandolo ndi nsinjilo, wokoma kuposa keke iliyonse ya ku Lusaka, pamtengo umene ndinacita nao manyazi polipila. Wogulitsayo anali atakhala pansi pa mtengo, beseni pa miyendo, fumbi la njinga zamoto likumuthila. Mlonda wa pa ofesi angagule pamenepo, koma bwana wake apitilila.

Masamu a mbale ya nsima

Tiyeni tiwelengele pamodzi. Thumba la K340 litanthauza K6.80 pa kilogalamu. Kilogalamu imodzi ya ufa ikhutitsa anthu anai. Ndiye kuti mu 2025 cimanga ca m'mbale imodzi ya nsima sicinali kufika K2. Mbale ya nsima ya nkhuku pa Katete caka comweco ndinali kulipila K50. Sindikamba kuti zotsalazo ndi phindu lokhalokha, iyai. Wophika agula nkhuku, tomato, saladi ndi malasha, alipila cigayo, lendi, khonsolo ndi mtsikana wotsuka mbale, ndipo tsiku lina zakudya zitsala. Koma taonani kumene ndalamazo zipita. Nkhuku ndi ya m'mudzi mwathu, tomato ndi wa m'dimba la mnansi, mtsikanayo ndi mwana wa mnzathu. Mu 2025 thumba likakwela thilaki kupita ku Lusaka linali kutisiyila K340 n'kutsanzika. Likaphikidwa pa boma pathu lizungulila m'manja mwa anthu asanu kapena khumi lisanathe.

Malo odyela alionse oyenda bwino ndi msika wa mlimi, msika wa tsiku ndi tsiku, wolipila pompo, wosayembekezela nyengo. Cimodzimodzi ndi nshawa. Cigawo cathu cichuka ndi nshawa za Chalimbana, koma ambili tizigulitsa pa meda zosakazinga. Yemwe azikazinga n'kuzimanga m'timapepala apeza zoculukilapo, ndipo yemwe asinja ciponde n'kuika m'botolo laukhondo apeza zoposa pamenepo. Bungwe la COMACO ligula nshawa, soya ndi mpunga wa ku Chama kwa alimi ang'onoang'ono, likonza, n'kugulitsa m'masitolo akuluakulu pa dzina la It's Wild. Mbeu ndi zomwezo zimene tili nazo m'nkhokwe. Caonjezeka ndi kusankha, kupima, ukhondo ndi botolo.

Pa kusankhapo ndiimepo pang'ono. Tili ndi cizolowezi cogulitsa nshawa zabwino n'kusiya zofota ndi zacuku kuti tisinjile ndiwo. Cuku ca nshawa ndi cimanga cili ndi poizoni amene aononga ciwindi ndi kupinimbilitsa ana, ndipo safa ndi moto. Amene afuna kugulitsa zotendela kapena ciponde ayambe wataya zoolazo, ngakhale mtima uwawe.

Cimene citigwetsa

Tsopano ndikambe zowawa. Pa lesitilanti ya sushi ija ndinapita kucimbudzi, ndinapeza madzi ndi sopo. Wophika anali poonekela, mutu wofunda, akupukuta thabwa lake nthawi ndi nthawi. Munthu wogulitsa nsomba yaiwisi adziwa kuti kasitomala mmodzi akadwala malonda atha. Ife, poti timaphika ndi moto, timayesa moto ukhululukila zonse. Beseni imodzi ya madzi osamba m'manja anthu khumi, womalizila asamba msuzi. Kathaulo kamodzi kopukutila onse. Saladi wokazingila zitumbuwa kuyambila pa Mande mpaka wada ngati oilo wa cigayo. Nchenche zilawa ndiwo ife tisanalawe.

Caka cina, nthawi yopalila, ndinadya pa malo ena m'njila, amene sindidzawachula. Ndinagona masiku atatu ndi m'mimba, udzu ukukula m'munda. Sindinabwelelenso, ndipo aliyense wondifunsa ndinamuuza. Mwini malowo mpaka lelo sadziwa kuti anataya makasitomala angati cifukwa ca mbale imodzi.

Tisaiwale kolela imene inayamba mu October 2023 n'kufika mu 2024. Anthu opitilila 20,000 anadwala m'dziko muno, opitilila 700 anamwalila, bwalo la masewela la Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala, ndipo masukulu anatsegulidwa mu February m'malo mwa January. Mu January 2018 nakonso, kolela itavuta, ogulitsa m'miseu ya Lusaka anacotsedwa ndi asilikali. Matenda amenewa akabuka, woyamba kutsekeledwa malonda ndi mai wa zitumbuwa, osati sitolo ya galasi. Pamene mankhwala ake ndi ochipa: cidebe ca mpopi kuti aliyense asambe madzi oyenda, sopo, klorini m'madzi akumwa, civindikilo pa cakudya, cimbudzi cosamalika, ndi kupimitsa ophika kucipatala kuti akhale ndi cikalata. Lamulo la Food Safety Act la 2019 lilipo, ndipo a zaumoyo a khonsolo ndi bwino kuwaitana tokha kuti atilangize, kusiyana ndi kuwaona tsiku lodzatseka.

Nanga ticitepo ciani?

Kwa inu amai a m'magulu a m'machalichi athu: ndinu amene muphikila anthu mazana pa ukwati, pa malilo ndi pa misonkhano, nsima osapselela, ndiwo n'kukwanila onse. Luso limenelo ena alipita kukoleji. Kuyambila mu 2022 thumba la CDF linakwezedwa kufika K25.7 miliyoni pa konstichuwensi iliyonse, ndipo lakhala likuonjezeledwa. Mbali ina ndi ya magulu a azimai ndi acinyamata ndi ya maphunzilo a nchito za manja. Uvuni wa njelwa kapena wa mgolo, sikelo, matebulo awili ndi cidebe ca mpopi si zinthu za mamiliyoni. Caka ndi caka kumapeto kwa August, Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, pamodzi ndi alendo ocokela kutali. Kodi alendowo abwelela atalawa futali, cigumu ndi nkhwani wotendela wa kwa Gawa Undi, kapena machipisi ndi soseji zimene anazisiya kwao?

Kwa inu acinyamata amene muona ma cupcake pa foni n'kufuna kuyamba: phunzilani, si colakwa. Mlendo ndiye abwela ndi kalumo kakuthwa. Koma tengelani cimene cili pansi pa cisoti ca shuga cija, ndico kupima, kulemba, kusunga nthawi ndi kupeleka cinthu cofanana tsiku lililonse. Mukatelo ngakhale citumbuwa cidzakulipilani.

Kwa inu abambo anzanga: kudya kunja kamodzikamodzi si chimo. Coipa ndi cija timacita tikalandila za thonje kapena za soya, kukhala pa boma tokha, T-bone pambale, botolo pambali, kwa mai amene anapalila nafe mvula ili pamsana n'kupita ndi banzi limodzi m'thumba la jekete. Mukagulitsa, atengeni amai. Akhale pampando, wina awaphikile, wina atsuke mbale. Ndipo mukafika funsani za kumudzi. Wophika akaona kuti zifunidwa adzazilemba pa bolodi, ndipo mawa adzabwela kudimba kwanu kudzagula nkhwani.

Amai akunyumba sanakambe zambili za ulendo wa ku Lusaka, koma m'cikwama mwao anabwela ndi paketi ya timakapu ta pepala tija. Pa Sondo lina, gulu lao likusonkhetsa ndalama za malata, anaphika cigumu ca nthoci m'timakaputo, conse copima ndi kapu imodzi, pamwamba n'kuwaza nshawa zokazinga zosinja. Anaika m'cidebe coyela ca civindikilo n'kugulitsa K5 kamodzi, pamene cidutswa ca m'beseni cimapita pa K2. Tonse tinatha anthu asanamwazikane. Mdzukulu ataona cithunzi pa foni ya amake analamula kuti akabwela apeze cupcake ya ambuya.

Mkamwini nayenso walonjeza kuti adzabwela pa Kulamba ikubwelayi. Ndidzamusungila mbeba zowamba bwino ndi tsabola uja wa kuseli kwa nkhokwe. Koma ine ndidzamucenjeza asanatape.